Tifunseni za sayansi: maginito ophika pa mbaula, nguli ndi dothi la katondo

Mwaswera bwanji awerengi. Mwezi uno makalata anayi abwera akukamba chinthu chimodzi, maginito, ndipo onse achokera konkuno ku Kasungu kaya munachita kupangana kaya. Nde ndangowaika pamodzi poti yankho la wina likuthandiza mnzake.

FUNSO: Akulu, ine ndimakonza mawailesi ndi ma sipika. Tsiku lina ndimafuna kuchotsa maginito pa sipika yakufa, guluu wake anali wolimba nde ndinaika pa mbaula kuti afewe, kenako kunabwera kasitomala ndinaiwalako. Atazizira maginito aja sakugwiranso olo msomali. Sanasweke, sanasinthe mtundu. Mphamvu yapita kuti, ndipo ndingaibwezere? Wokonza mawailesi, Chinkhoma.

YANKHO: Achimwene pepani, maginito amenewo mwawaphika kkkk. Koma mphamvu sinathawe ayi, ili momwemo, yangosiya kugwirizana.

Tiyambe ndi mkati. Mu atomu iliyonse muli tinthu totchedwa ma electron, ndipo electron iliyonse payokha ndi kamaginito kokhala ndi mutu ndi mchira. Khalidwe limeneli azasayansi amalitcha spin. Inu ingoganizani kamuvi kakang'ono koloza kwinakwake. Mu thabwa kapena mu pulasitiki timivi timeneti timakhala tiwiritiwiri, kena koloza uku kena uko, tikafafanizana basi palibe chotuluka panja. Mu chitsulo muli totsalira topanda mnzake, ndipo pali lamulo lina lotchedwa exchange, lomwe Werner Heisenberg analifotokoza mu 1928, lomwe limakakamiza timivi toyandikana kuti tiloze kumodzi.

Pomwe ndikufuna mugwire ndi apa. Lamuloli limangoti loza komwe waloza mnzako, silinena kuti kumpoto kapena kummawa, kwa ilo mbali zonse nzofanana. Izi nzomwe amati symmetry, kutanthauza kuti chinthu mukachitembenuza chikuonekabe chimodzimodzi. Tengani lichero. Mkombero wake muuzunguze mmene mungafunire ukhalabe womwewo. Koma yang'anani nsungwi zolukidwa mkatimo, zili ndi kolowera, mukapotoza pang'ono zikuoneka kuti mwapotoza. Exchange ili ngati mkombero. Kaimidwe ka ma atomu mkati mwa maginito kali ngati malukidwe aja, ndi kamene kamasankha kolowera.

Maginito akuda a sipika ndi ferrite, chitsulo chosakanikirana ndi oxygen ndi strontium kapena barium. Ma atomu ake anasanjana mmagulu a ngodya 6 ngati zisa za njuchi, gulu lina pamwamba pa linzake, nde pali mzere umodzi wokha woimirira womwe ndi wosiyana ndi ina yonse. Timivi timakonda kugona mumzere umenewo. Inu a ku Chinkhoma mukudziwa mmunda wa fodya, kuyenda motsata mizere nkosavuta, kuyenda modula mizere mumatopa msanga. Spin nayo ndi chimodzimodzi, ili ndi zisankho ziwiri basi, kuloza kumtunda kwa mzere kapena kumunsi kwake. Ku fakitale ufa wa ferrite amaupanikiza uli mkati mwa mphamvu ya maginito ena kuti tizidutswa tonse tiloze mizere kumodzi, nkuuotcha kuti ulimbe, pomaliza nkuumenya ndi mphamvu yaikulu ya magetsi kuti timivi tonse tisankhe mbali imodzi.

Kutentha ndi kunjenjemera kwa ma atomu. Kukafika pamlingo wina kunjenjemerako kumaposa exchange, timivi nkuyamba kuloza paliponse. Pierre Curie ndi amene anayeza zimenezi mu 1895, nchifukwa chake mlingowo umatchedwa dzina lake. Chitsulo ndi madigiri 770, ferrite ya sipika ndi cha mma 450, ndipo makala oyaka bwino amapitirira pamenepo osavutika nkomwe. Pozizira timivi tinayambanso kugwirizana, koma panalibe wotiuza kolowera. Imikani munsi pabwalo chilili nkuusiya, palibe mbali yomwe yalembedwa kuti ugwere, koma ukagwa wagwera kumodzi basi. Mmaginito mwanumo munagwa minsi yambirimbiri, chigawo ichi kumtunda, chigawo icho kumunsi, ngati midzi yomwe uliwonse uli ndi mfumu yake. Zigawozi ndi ma domain, ganizo la Pierre Weiss la mu 1907. Theka likukoka uku theka uko, msomali nkuona ngati palibe kanthu.

Kubwezera nkotheka koma osati pa benchi yanu. Kukhuza pa maginito ena kumathandiza pa sikuludiraiva chifukwa ma atomu a chitsulo anasanjana ngati kabokosi ka mbali zonse zofanana, spin ili ndi njira 6 zosavuta ndipo mizere yake ndi yaifupi, imatembenuka msanga nkuiwalanso msanga. Ferrite ndi nkhutukumve, imafuna makina aja a ku fakitale. Ulendo wina guluu muzimufewetsa ndi madzi otentha, ferrite madzi owira sawaopa. Koma timaginito tonyezimira tija ta mma earphone ndi mu hard disk musayese, tambiri timayamba kufooka pa madigiri 80 pomwe.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Physics pa CDSS ina. Mwana wa Fomu 4 anandifunsa kuti ngati spin ndi kamuvi, mukabweretsa maginito ena pafupi kamatembenuka bwanji, kamangodumpha? Ndinamuyankha kuti sizili pa silabasi koma zakhala zikundivuta mumtima. Ndinaonanso pa intaneti akuti symmetry ndi imene imalamula mayendedwe a spin, ndiye kuti chani? Mphunzitsi, Chamama.

YANKHO: Aphunzitsi, yankho la sizili pa silabasi tonse tinapatsidwapo, ndipo ena a ife tinaperekaponso, musadandaule. Koma mwanayo mumusunge bwino, funso lakelo ndi lomwe Lev Landau ndi Evgeny Lifshitz anakhala nalo pansi mu 1935.

Sikadumpha. Mutengereni nguli mkalasi. Nguli yosazungulira mukaiimika imangogwa, koma mukaikwapula bwino nkupendekeka pang'ono siigwa, mutu wake umayamba kujambula bwalo pang'onopang'ono uku thupi likuzungulira mwaliwiro. Dziko likuikokera pansi koma iyo mmalo mogwa ikuthawira chammbali. Spin imachita zomwezo. Apa ndichenjeze, electron si kampira kozungulira ayi, dzinalo limanamiza, koma ili ndi chomwe nguli yozungulira ili nacho, angular momentum, nde ikakokedwa imayankha ngati nguli. Mphamvu ya maginito ikaikoka, kamuvi kamazungulira mzere wa mphamvuyo. Liwiro lake nde losayamba, pa tesla imodzi, womwe ndi muyezo wa mphamvu ya maginito, ndi maulendo pafupifupi 28 biliyoni pa sekondi imodzi. Ma proton a mmadzi a mthupi mwathu nawo amachita zomwezi koma mwaulesi, pafupifupi 42.6 miliyoni pa tesla, ndipo makina a MRI, ojambula mkati mwa thupi kuchipatala, amamvetsera kuzungulira kumeneko. Pa makina a 1.5 tesla ndi cha mma 64 MHz, kutanthauza maulendo 64 miliyoni pa sekondi, kumunsi pang'ono kwa pomwe pamayambira mawailesi a FM.

Nanga symmetry ikulowa pati? Mu 1918 mayi wina katswiri wa masamu ku Göttingen ku Germany, Emmy Noether, anaonetsa kuti paliponse pomwe pali symmetry yoti mutha kuzunguza pang'onopang'ono osasintha kanthu, pali chinthu chomwe sichingatayike. Ngati mbali zonse nzofanana, angular momentum siitayika. Tsono tanena kale kuti exchange ili ngati mkombero wa lichero, siisankha mbali. Ndiye kuti exchange ngakhale ili yamphamvu kuposa zina zonse mmaginito, payokha singasinthe spin yonse ya chinthucho mukaiphatikiza. Ingathe kuisamutsa kuchoka pa atomu iyi kupita pa iyo ngati ndalama za banki mkhonde, koma thumba lonse likhala lomwelo.

Ndiye funso la mwana uja likukula apa. Ngati kamuvi kangozungulira, kamafika bwanji pogona mumzere? Nguli imaima chifukwa nsonga yake ikukhuzana ndi dothi. Spin nayo imafuna dothi lake, penapake potayira. Potayirapo ndi ma atomu omwe, kudzera mu kalumikizano kofooka pakati pa spin ndi njira yomwe electron imayenda mozungulira atomu, amati spin-orbit coupling. Kalumikizano kameneka ndi komwe kamachititsa kuti spin imve malukidwe a nsungwi aja, ndi komwenso kamaipatsa buleki. T. L. Gilbert anaonjezera buleki ameneyu mu masamu a Landau ndi Lifshitz mu 1955. Bwalo limanka lichepa mpaka kamuvi kaima njo mumzere. Ndipo zoti angular momentum imapitadi kwa ma atomu si nkhambakamwa, Albert Einstein ndi Wander de Haas mu 1915 anapachika kachitsulo pa ulusi, atakapatsa mphamvu ya maginito kachitsulo konse kanapotoka.

Ine chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya mafunde. Mukagwedeza kamuvi kamodzi anzake oyandikana amatsatira mochedwerako pang'ono, ena otsatira nawonso, nde pamayenda funde ngati mphepo ikamadutsa mmunda wa chimanga cha ngaiyaye, phesi lililonse lili pamalo pake koma funde likupita. Felix Bloch anawerengera mafunde amenewa mu 1930, masiku ano amawatcha ma magnon. Tsono onani, ngati mbali zonse zikanakhala zofanana, kutembenuza timivi tonse pamodzi sikukanadya mphamvu iliyonse poti palibe kasiyana ndi mnzake, ndipo funde lalitali kwambiri, lomwe oyandikana akusiyana pang'ono zedi, likanakhala pafupifupi laulere. Mfundo imeneyi imadziwika ndi dzina la Jeffrey Goldstone, ya mu 1961. Koma pakakhala mzere wokondedwa ngati mu ferrite, ulere watha. Olo funde likhale lalitali bwanji muyenera kulipira kaye mphamvu yochotsera timivi mumzere, ngati chiphaso cha pamsika, ugulitse usagulitse tikiti udula basi. Azasayansi akayeza mtengo wa tikiti imeneyo amadziwa msinkhu wa mizere mkatimo osatsegula nkomwe.

Ngakhale bwalo lomwe kamuvi kamajambula limatengera symmetry. Pomwe mbali zonse zozungulira mzere zili zofanana bwalo limakhala lozungulira bwinobwino, koma mu kachitsulo kopyapyala ngati pepala kamuvi kamaopa kutulukira kunja, bwalo nkuphwatalala ngati dzira, liwironso nkusintha. Charles Kittel analemba masamu ake mu 1948. Chitsulo chomwecho, kungosintha kaumbidwe, chimaimba nyimbo ina.

Mwanayo akafunsanso, mujambuleni nguli pa foni nkumuonetsa vidiyo chobwerera mmbuyo. Aona kuti ikuzungulira mbali inayo. Spin nayo mukabweza nthawi imatembenuka, mutu kukhala mchira. Mwala wamba mukaujambula uli phee, kutsogolo ndi kumbuyo vidiyo ndi imodzimodzi, koma mkati mwa maginito ayi, timivi timatembenuka. Kukhala maginito ndiko kuswa symmetry imeneyo ya nthawi.

FUNSO: Ana anga mvula ikagwa amakoka maginito a sipika mumchenga wa mumsewu, pamamatira tinthu takuda ngati ndevu. Koma dothi la katondo la kumunda siligwira chonsecho alangizi anatiuza kuti kufiirako ndi chitsulo. Alangizi ananama? Mayi wolima mtedza, Santhe.

YANKHO: Mayi, alangizi sananame. Zonse ziwiri ndi chitsulo chokwatirana ndi oxygen, kusiyana ndi kakhalidwe ka pabanjapo. Takuda tija tambiri ndi magnetite, kufiira kwa katondo kwambiri ndi hematite.

Mu miyala imeneyi timivi toyandikana sitiloza kumodzi, timapikisana, gulu lina uku lina uko, ngati masewera okokana chingwe. Louis Néel wa ku France ndi amene anafotokoza zimenezi mpaka analandira Nobel mu 1970. Mu magnetite magulu awiriwo si ofanana mphamvu nde lina limapambana, chotsalacho ndi chomwe chikumamatira pa maginito a ana anu. Mu hematite magulu ndi ofanana ndendende, chingwe sichisuntha.

Koma nkhani siinathere pompo. Anthu oyeza ndi zida zabwino ankapezabe kamphamvu kakang'ono mu hematite, ndipo ambiri ankati ndi zinyalala chabe zomwe zalowamo. Mu 1958 Igor Dzyaloshinskii wa ku Soviet Union anati ayi, ndipo sanagwire dothi olo pang'ono, anangoyang'ana kasanjidwe ka ma atomu nkufunsa kuti chikuletsedwa nchani, chikuloledwa nchani. Anapeza kuti kasanjidweko sikaletsa magulu awiri aja kupendekeka pang'ono mbali imodzi, ndipo mu physics chomwe sichinaletsedwe chimachitika. Ali ngati okokana chingwe omwe onse apendekera chakummawa pang'ono, osafika olo digiri imodzi, chingwe sichipita uku kapena uko koma chimasendera chammbali. Mu 1960 Tôru Moriya wa ku Japan anaonetsa kuti gwero lake ndi spin-orbit coupling yomwe ija, nkupereka lamulo losavuta: imani pakatikati pa ma atomu awiriwo, ngati chilichonse chomwe chili mbali iyi chili ndi mnzake wofanana naye mbali inayo moyang'anana, kupendekeka kulibe. Pakapanda kufanana, kulipo. Umboni wake ndi wokoma, hematite yabwino ya ma crystal akuluakulu, momwe ma atomu asanjana mwadongosolo, mukaizizira kufika cha mma madigiri 10 kunsi kwa ziro timivi timatembenukira mzere wina, pomwe symmetry ikuletsa kupendekeka, kamphamvu kaja nkuzimiririka. Kuzizira kwa mu June ku Santhe sikufika pamenepo nde katondo wanu ali ndi kamphamvu kake chaka chonse, kungoti nkochepa kwambiri sikanganyamule dothi.

Pali zinthu zina zomwe kusafananako kuli paliponse mkati mwake, nde kamuvi kalikonse kamapotoka pang'ono poyerekeza ndi mnzake, nthawi zonse mbali imodzimodzi. Mwaonapo nyemba zoyanga pa phesi la chimanga, zonse zimakulunga mbali imodzi, simupeza yobwerera. Mu manganese silicide timivi timakulunga chomwecho, ndipo mu 2009 gulu la ku Munich ku Germany linapezamo tinamvuluvulu ting'onoting'ono ta spin totchedwa ma skyrmion, koma pamalo ozizira koopsa, kupitirira madigiri 240 kunsi kwa ziro. Mzinthu zotere funde lopita kumanja ndi lopita kumanzere sizithamanga mofanana.

Ndisaiwale aphunzitsi a ku Chamama, izi zokokana chingwezi musazione ngati zopanda ntchito. Poti exchange yomwe imalowerera pa kuzungulira kwake, timivi ta mu zinthu zotere timatha kuthamanga ka 1000 kuposa ta mu chitsulo wamba, nchifukwa chake opanga memory ya makompyuta akuzilondalonda. Ndipo mu 2022 Libor Šmejkal, Jairo Sinova ndi Tomáš Jungwirth, pongoyang'ana symmetry ngati Dzyaloshinskii, anati pali mtundu wachitatu wa maginito, kuonjezera pa woloza kumodzi ndi wokokana chingwe, womwe anautcha altermagnet, momwe magulu awiri amafafanizana koma gulu lina limafanana ndi linzake pokhapokha mutalitembenuza. Mu 2024 zinatsimikizika mu manganese telluride. Mabuku athu a sukulu sanafikeko.

FUNSO: Tikumva za miyala ya rare earth ku Kangankunde ndi ku Songwe Hill, akuti muli neodymium wopangira maginito amphamvu. Ndiye kuti neodymium ndi maginito kuposa chitsulo? Wophunzira, Mtunthama.

YANKHO: Ayi mphwanga, neodymium payekha pa kutentha kwa mnyumba sangagwire olo pini. Mu maginito amenewa pa ma atomu 2 a neodymium pali 14 a chitsulo ndi imodzi ya boron, mphamvu yambiri yokoka ikuchokera ku chitsulo. Ntchito ya neodymium ndi kukweza mizere. Ma electron ake amkati sanaumbike mozungulira ngati mpira, aphwatalala ngati chitumbuwa, nde mkati mwa kasanjidwe ka ma atomu komwe kali ndi mzere umodzi wautali chitumbuwacho chimakhala mwanjira imodzi yokha, nkugwira spin kuti isatembenuke, spin ya chitsulo nkutsatira. Mizere yake ndi yaitali pafupifupi ka 100 kuposa ya chitsulo chokha. Yerekeza ndi mbale wake gadolinium, ali ndi spin yambiri kuposa neodymium koma ma electron ake ndi ozungulira ngati mpira, alibe pogwira, nde pantchito imeneyi sathandiza. Maginitowa analengezedwa mu 1984, Masato Sagawa wa ku Sumitomo ku Japan ndi John Croat wa ku General Motors ku America aliyense anawapeza payekha, ndipo lero ndi omwe ali mma mota a galimoto zamagetsi ndi mu sipika ya foni yako. Kufooka kwake ndi moto, mlingo wa Curie ndi cha mma 310 basi, nde achimwene a ku Chinkhoma aja asawaone pafupi ndi mbaula.